Maluwa a m'nyumba opirira kutentha kwa ku Ngabu

Nditapeza nyumba ya lendi ku Ngabu, zipinda ziwiri za malata zopanda siling'i, ndinabwera ndi maluwa asanu kuchokera ku Blantyre. Pofika mu Okutobala, mwezi umene kuno kutentha kumafika madigiri 40, onse anali atafota. Zinandiwawa kwambiri. Ndinkaganiza kuti ndi ludzu, ndiye ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, osadziwa kuti ndikuwapha ndekha.

Tsiku lina ndinazula duwa limodzi. Mizu inali yakuda, yonunkha, dothi la makande lija litagwirana ngati nsima yogona. Pamwamba pake panali potuwa ngati pothira ufa: mchere wa madzi a pamjigo wathu.

Ndinayambira pa dothi. Ndinasakaniza mchenga wa kumtsinje, manyowa a ng'ombe owolerana bwino ndi timakala tophwanyaphwanya, n'kuboola tizidebe pansi ndi msomali wamoto kuti madzi azituluka. Kenako ndinaleka kulimbana ndi maluwa a masamba opyapyala. Amayi oyandikana nawo nyumba anandigawira tiana tiwiri ta alovera, ndipo ndinapezanso snake plant, chomera cha masamba olimba oloza kumwamba chija. Zonsezi zimasunga madzi m'masamba, moti ndikachokapo sabata yathunthu ndimazipeza zili bwinobwino.

Pano ndimayamba ndapisa chala m'dothi. Mukakhala chinyontho, sindithirira. Mvula ikagwa ndimatchera ndowa, madzi amenewo ndi a maluwa okha. Alovera ali pazenera la kum'mawa, snake plant ili pakona ya pabalaza, ndipo mwezi uno yatulutsa mphukira ziwiri.