Kompyuta ikakana kudzuka mutaika Windows pa disiki yatsopano

Mwamanga disiki yatsopano ya SSD, mwaika Windows mpaka kumapeto, koma kompyuta ikayambiranso sikirini ikungolemba "No bootable device" kapena ikukubwezani ku BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta imene imayamba Windows isanadzuke. Kawirikawiri disikiyo ilibe mlandu. Mwina mafayilo odzutsira kompyuta apita pa disiki ina, kapena BIOS ndi disiki sizikugwirizana pa njira yodzukira.

Vuto loyambalo ndi limene limapusitsa anthu ambiri. Ngati disiki yakale inali yolumikizidwa pa nthawi yoika, pulogalamu yoika Windows ikapeza chigawo cha EFI, chosungira mafayilo odzutsira kompyuta, pa disiki yakaleyo imatha kungolemba mafayilo ake pamenepo, osapanga china pa yatsopano. Zonse zimayenda bwinobwino mpaka tsiku limene mudzazule yakaleyo. Choncho musanayambe, zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha SATA pa disiki zina zonse, ndipo ngati pali disiki yakale ya M.2, yaing'ono yomangidwa pa bodi penipeni, ichotseni kaye. Mudzazibwezera mukamaliza.

Ngati zachitika kale, musavutike kuyambiranso zonse. Dzutsani kompyuta ndi fulashi yoikira Windows, pa sikirini yoyamba dinani Shift ndi F10 pamodzi kuti patseguke polembapo malamulo. Lembani diskpart, kenako list disk. Muonetsetse kuti disiki yatsopano ili ndi kanyenyezi pansi pa mawu akuti Gpt, ndipo muizindikire ndi kukula kwake, osangoganiza kuti ndi nambala 0. Isankheni ndi select disk ndi nambala yake, lembani list partition, musankhe chigawo chachikulu chimene muli Windows ndi select partition. Kenako mzere umodzimodzi:

shrink desired=300
create partition efi size=260
format quick fs=fat32
assign letter=S
list volume
exit
bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI

Musalumphe list volume. Mukakhala m'fulashi, chigawo cha Windows chimatha kupatsidwa chilembo D kapena E m'malo mwa C, ndipo bcdboot ikalozedwa pa chilembo cholakwika imangokana. Ikavomera, lowani mu BIOS muike Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda, osati dzina la disikiyo.

Tsopano za kusagwirizana kuja. Kompyuta imadzuka m'njira ziwiri: UEFI, kapena njira yakale yotchedwa Legacy kapena CSM. Windows ikaikidwa mu UEFI imafuna disiki ya GPT, pomwe ya Legacy imafuna MBR. GPT ndi MBR ndi njira ziwiri zogawira disiki. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira imene mwadzutsira fulashi ndi imene imalamula zonse. Pa mndandanda wosankhira podzukira, umene umabwera mukadina F12 pa Dell ndi Lenovo kapena F9 pa HP, fulashi imodzi imatha kuoneka kawiri. Sankhani yolembedwa UEFI kutsogolo kwa dzina. Uthenga wakuti "The selected disk is of the GPT partition style" ukutanthauza kuti fulashi mwaidzutsa mu Legacy. Musasinthe disiki, dzutsaninso fulashiyo mu UEFI. Ukakhala wonena kuti disiki ili ndi MBR, lowani mu diskpart, sankhani disiki, lembani clean kenako convert gpt. Lamulo la clean silifunsa kawiri, limafafaniza zigawo zonse za disiki imene mwasankha. Apanso kuzula disiki zina kumapulumutsa.

Pa makompyuta a masiku ano palibe chifukwa chokakamirira MBR. Siitha kugwiritsa ntchito malo opitirira 2 TB, ndipo Windows 11 imafuna UEFI ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Popanga fulashi ndi pulogalamu ya Rufus sankhani GPT. Kungokopera mafayilo pa fulashi ya FAT32 kumalephera chifukwa fayilo ya install.wim nthawi zambiri imapitirira 4 GB, malire a FAT32.

Nthawi zina disiki siioneka n'komwe pa mndandanda wosankhira malo oikapo. Onani kaye ngati BIOS ikuiona. Ngati ikuiona koma Windows ayi, pa malaputopu ambiri a Intel a m'badwo wa 11 kupita mtsogolo wochititsa amakhala VMD, njira ya Intel yoyendetsera disiki. Mungaizimitse mu BIOS, kapena kukopera dalaiva wa Intel Rapid Storage Technology pa fulashi n'kudina Load driver. Chimene mwasankha mukhale nacho. Kusintha mu BIOS njira yoyendetsera disiki, monga pakati pa RAID ndi AHCI, mutaika kale Windows kumabweretsa sikirini yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ndipo mankhwala ake achangu ndi kubwezera mmene zinalili.

BIOS ikapanda kuiona, vuto lili m'kati mwa bokosi. M.2 imalowa chopendekeka, imakankhidwa mpaka timano tagolide titabisika, kenako imatsitsidwa n'kumangidwa. Ikalowa theka imaoneka ngati yakhala bwino koma siigwira ntchito. Komanso si malo onse a M.2 amalandira mitundu yonse iwiri. Ena ndi a NVMe yokha, ena a SATA yokha, ndipo pa mabodi ena kuika M.2 kumazimitsa malo amodzi kapena awiri a SATA. Buku la bodiyo limanena malo ake.

Kompyuta ikamangobwerera ku chiyambi cha kuika Windows ikayambiranso koyamba, n'chifukwa chakuti fulashi ili pamwamba pa mndandanda. Izuleni sikirini ikangothima.

Oika Linux, nkhani ndi yomweyi. Lamulo la efibootmgr -v limaonetsa chigawo chimene dzina lililonse pa mndandanda likuloza, ndipo ngati foda ya /sys/firmware/efi kulibe, ndiye kuti fulashi mwaidzutsa mu Legacy.