Foloko yolowa mamilimita angati pa njinga ya m'mapiri?

Mwafunsa ngati foloko yolowa mamilimita 160 (utali womwe foloko imalowa m'kati gudumu lakutsogolo likagunda bampu) ingakwane panjinga yomwe inabwera ndi ya 120. Ine ndingati ayi.

Choyamba onani malire a kutalika kwa foloko amene opanga felemu anaika. Mukapyola kwambiri, khosi la felemu, momwe mumalowa foloko, likhoza kung'aluka.

Kenako ganizirani kumene mumapalasa. Njira zosalala ndi zitunda, 100 mpaka 120 yakwana. Pa miyala ndi mizu, 130 mpaka 150. Kuyambira 160 ndi ya otsetsereka oopsa.

Mamilimita 20 owonjezera amagoneka foloko ndi digiri imodzi kapena pafupifupi. Pokwera chitunda gudumu lakutsogolo limapepuka n'kumayendayenda lokha, zotopetsa zedi.

Musanagule ina, yesani yomwe muli nayo: imirirani pamapedulo muone kalabala ka pafoloko kosonyeza pomwe yalowa. Foloko iyenera kulowa 15 mpaka 20 peresenti ya mamilimita ake onse. Ikapitirira, yambani mwapopa mpweya m'folokomo.