Momwe mungapangire kasisitimu kosunga malikisi a ana pa sukulu yanu

Kuno ku Kasungu teremu ikamatha aphunzitsi a m'ma CDSS ndi m'mapulayiveti amachita kuswera mu staff room kuwonkhetsa malikisi, wina pa Excel wina pa pepala, masukulu lipoti n'kutuluka mochedwa makolo akudandaula. Ka database kakang'ono ndi tsamba lolowetsera malikisi zimachepetsa chintchito chimenechi, ndipo sizifuna intaneti tsiku ndi tsiku ayi.

Poyamba ikani XAMPP, pulogalamu yomwe imasandutsa kompyuta kukhala seva yoyendetsa tsamba ndi database, pa laputopu imodzi. Ndi yaulere, mkati mwake muli kale Apache (seva ya tsamba), PHP (chilankhulo cholembera khodi ya tsambalo), MariaDB (database yosunga malikisi) ndi phpMyAdmin (tsamba loyendetsera database), bandulo ingofunika tsiku lodawunilodalo basi. Laputopuyo ikhale ya batire yamoyo chifukwa magetsi mukuwadziwa. Ogulitsa makompyuta a kaunjika ena amakuonetsani ili pa chaja, auzeni azule kaye muione ngati siizima. Samalaninso ndi anyamata oyenda ndi fulashi m'masukulu kugulitsa sisitimu yopangapanga kale, zambiri amangotola pa intaneti, magiredi ake a dziko lina, ikadzavuta foni yawo sipezekanso.

Chachiwiri, matebulo a mu database, muwapange mu phpMyAdmin. Poyambira atatu akwana: ophunzira (id, dzina, kalasi), maphunziro (id, dzina), ndi zotsatira (wophunzira_id, phunziro_id, chaka, teremu, malikisi). Mwana azidziwika ndi id osati dzina, kuno a Banda ndi a Phiri ndi osawerengeka, m'kalasi imodzi mupeza ana awiri dzina limodzi la bambonso limodzi.

Chachitatu, tsamba lolowetsera. Mphunzitsi asankhe kalasi, phunziro ndi teremu, kenako mayina onse a kalasiyo atsike mundandanda, aliyense ndi kabokosi kake. Kabokosiko kakhale type="number" min="0" max="100", koma PHP ionenso kumbuyoko, ndipo gwiritsani ntchito prepared statements a PDO (njira ya PHP yotumizira zinthu ku database motetezeka), zimenezi sitikambirana. Tsamba limodzi phunziro limodzi. Musanyengeke n'kuyika maphunziro onse pa tsamba limodzi, PHP ili ndi max_input_vars, malire a timabokosi tomwe imalandira nthawi imodzi, yomwe imabwera ili pa 1000, ndiye kalasi ya ana 120 kuchulukitsa ndi maphunziro 10 mwadutsa kale, malikisi a ana a kumunsi kwa mndandanda sadzasungidwa ndipo mwina mphunzitsi sadzaona chilichonse chomuchenjeza.

Tsono apa mumvetsetse bwino chifukwa ndi pomwe panavuta pa sukulu ina yomwe ndinawapangira. Aphunzitsi ankalowetsa malikisi pa mafoni awo kudzera pa hotspot ya laputopu ija. Wa Biology wadina batani losungira, tsamba likungozungulira, iye n'kudinanso, kenako refresh. Database siidziwa kuti ndi munthu yemweyo walephera kudikira, imangolandira mizere yonse. SUM itawonkhetsa, Biology yalowa kawiri kwa ana ena, mwana amene aphunzitsi onse amamudziwa kuti ndi wa pakatikati wakhala nambala 1, ahedi atagwira lipoti m'manja kungoti kodi mwanayu wabera? Chipsinjo chake n'chakuti ukayang'ana phunziro palokha malikisi akuoneka bwinobwino, 62 yemweyo, cholakwika chikuoneka pa total pokha.

Mankhwala ake ndi kuiuza database kuti mwana mmodzi, phunziro limodzi, teremu imodzi, mzere ukhale umodzi:

ALTER TABLE zotsatira ADD UNIQUE (wophunzira_id, phunziro_id, chaka, teremu);

Ngati mizere yobwereza ilimo kale ikukanirani ndi uthenga wa Duplicate entry, ndiye yambani mwaisaka:

SELECT wophunzira_id, phunziro_id, chaka, teremu, COUNT(*) FROM zotsatira GROUP BY wophunzira_id, phunziro_id, chaka, teremu HAVING COUNT(*) > 1;

Musafufute mwachisawawa. Nthawi zina mizere iwiriyo imakhala ndi malikisi osiyana chifukwa mphunzitsi ankakonza pomwe analakwitsa, ndiye muitaneni abwere ndi mapepala ake anene woona ndi uti. Mukamaliza sinthani INSERT yanu, lamulo lomwe limalowetsa malikisi mu tebulo, kumapeto kwake muwonjezere ON DUPLICATE KEY UPDATE malikisi = VALUES(malikisi), kuti akadinanso izingolemba pamwamba pa zakale. Komanso ikangosunga mutumizeni mphunzitsiyo ku tsamba lina ndi header("Location: ..."), refresh isamatumizenso zomwezo.

Nkhani ina yoyandikana nayo, mwana amene sanalembe mayeso, kaya amadwala kaya anamubweza fizi, musamulembere 0. Kabokosi kopanda kanthu kasungidwe ngati NULL. AVG imalumpha NULL koma 0 imamuwerengera, ndiye average ya kalasi imatsika mphunzitsi n'kumaoneka ngati saphunzitsa.

Ma query otsalawo ndi osavuta. Total ndi SUM(malikisi) ndi GROUP BY wophunzira_id. Position gwiritsani RANK() OVER (ORDER BY SUM(malikisi) DESC), imagwira kuyambira MariaDB 10.2, ana olingana amapatsidwa nambala imodzi. Ngati ana a Form 3 ndi 4 satenga maphunziro ofanana kuchuluka, total imakondera wa maphunziro ambiri, bola muwerenge mapointi ngati a MSCE, 1 mpaka 9, n'kutenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino. Malire a magiredi ayikeni mu tebulo lakelake, osawalemba mu PHP, ahedi akadzasintha maganizo mudzangosintha manambala.

Pa login, mapasiwedi muwasunge obisika ndi password_hash ya PHP, mphunzitsi aliyense aziona phunziro lake lokha. Lipoti ndi tsamba wamba la HTML, Ctrl+P basi, sindinavutike ndi za PDF. Lachisanu lililonse Export mu phpMyAdmin, fayilo ipite pa fulashi yomwe siyendayenda m'ma kompyuta a pa stationery, ina ahedi asunge kunyumba.