Kasamalidwe ka graundi ya mpira m'dera lathu, yambani ndi madzi

Abale anzanga, kaya muli ku Bangwe, Area 25 kapena Chibavi ku Mzuzu, mukafuna kukonza graundi ya m'dera lanu musathamangire kugula maneti ndi penti ayi, chimene chimapha graundi ndi madzi amvula komanso tinjira tachidule ta anthu, akabaza ndi magalimoto ophunzirira kuyendetsa aja.

Ndiye mvula yamphamvu ikagwa mu Disembala kapena Januwale, tengani ambulera mukaime pompo muone komwe madzi akuchokera ndi pomwe akudikha, khomani zikhomo pamenepo. Ngalande ikumbidwe kumtunda kuti madzi azilambalala, koma isayandikire layini, siyani mamita atatu kapena kuposa poti wosewera akamathamangira mpira sayang'ana pansi. M'mphepete mwa ngalandeyo dzalani vetiva, mizu yake imagwira dothi zedi. Maenje kwirirani ndi dothi lakuda losakaniza ndi mchenga wakudambo nkutsendera bwinobwino, chonde zidutswa za njerwa ndi zinyalala ayi, mvula ikakokolola dothi la pamwamba zimatulukira ndipo mwana wosewera opanda nsapato ndi amene amavulala.

Udzu wake ndi kapinga basi, amayanga yekha, amapirira chilimwe ndiponso akapondedwa amaphukiranso. Zulani timizu take mudzale motalikana ngati chikhatho chimodzi mvula itakhazikika. Povuta ndi pagolo pomwe amaima goloboyi paja ndi pakati poyambira mpira, pamenepo tchingani ndi zingwe kwa mwezi ndi theka, matimu azipangira treni chopingasa kapena mbali ina. Adzadandaula inde, koma mukawalekerera pofika Ogasiti ndi fumbi lokhalokha. Udzu ukakula tchetchani ndi chikwakwa, osapala ndi khasu, osatentha. Chulu chikangoyamba kutumphuka kumbani chisanaume.

Pa miyezo, malamulo a mpira amalola mulitali mamita 90 mpaka 120, mulifupi 45 mpaka 90, ndiye musadandaule ngati malo sakukwana 105 kwa 68 ya masitediyamu akuluakulu. Golo ndi mamita 7.32 mulifupi, 2.44 kupita m'mwamba, penate pa mamita 11, bokosi 16.5 kuchokera pa layini ya golo. Kuti kona ikhale yowongoka yezani mamita 3 mbali ino, 4 mbali inayo, chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikwane mamita 5. Layini jambulani ndi phulusa kapena penti woyera wamadzi, laimu womangira uja amawotcha khungu munthu akagwerapo ali ndi thukuta, oyilo wakuda naye amapha udzu. Mapolo a golo akwiriridwe ndi konkire chifukwa ana amakonda kulendewera pa chitsulo chapamwamba.

Ndipo bwalo la ntchemberembaye lisakhale lotsalira, limangofuna mamita 30.5 kwa 15.25, mapolo otalika mamita 3.05, malo ake sasowa. Amayi ndi atsikana akakhala mu komiti yoyang'anira graundi, graundiyo imasesedwa komanso ndalama zimaoneka komwe zapita.

Nkhani ya malire nayo musaizengereze. Pitani limodzi ndi khansala ndi mfumu ya buloko ku khonsolo mukaone pulani ya malowo, kenako dzalani mitengo motsata malirewo mu nyengo yodzala mitengo, 15 Disembala mpaka 15 Epulo, apo ayi mudzangodzuka wina wakumba fandeshoni kuseri kwa golo. Keshya, nimu kapena mibawa ndi yabwino pa mthunzi wa owonerera, bulugamu ayi amamwa madzi ambiri, ndipo mbande iliyonse itchingidwe kuopa mbuzi.

Ochititsa bonanza, msonkhano kapena ukwati azipereka kangachepe kolembedwa m'buku la komiti, galimoto ziziima kunja kwa layini, ndipo asanachoke atole mabotolo ndi majumbo onse. Kandalamako ndi komwe kazigulira zikwakwa, wilibala ndi migolo yodula pakati yotayamo zinyalala.