Air fryer: muigule kapena ndalamazo zipite ku zina?

Dzina lake ndi losocheretsa. Air fryer sikazinga ngati chiwaya ayi, imawotcha ndi mphepo yotentha. Mukatulutsa dengu lake n'kusuzumira kudenga kwa mkatimo, muona elementi yopindapinda ngati ya pa hotipuleti, ndipo pamwamba pa elementiyo pali fani yamphamvu. Fani ija imakankha mpweya wotentha kutsikira pa chakudya, mpweyawo umadutsa m'mabowo a dengu, n'kubwereranso m'mwamba. Ndi uvuni waung'ono basi, koma poti malo ndi ochepa ndipo mphepo ikuthamanga, kunja kwa chakudya kumauma msanga n'kukhala khirichikhirichi. Kampani ya Philips ndiyo inatchukitsa chipangizochi itachionetsa pa chionetsero cha zipangizo zamagetsi cha IFA ku Berlin mu 2010, ndipo lero makampani ambirimbiri akupanga zawo.

Mukamvetsa kuti ndi uvuni, funso la kugula limaphweka. Chilichonse chimene mumawotcha kapena kukazinga chili chouma, monga nkhuku, chambo, soseji, tchipisi ndi mtedza, chimatheka. Nsima siitheka. Nyemba, mpunga, nkhwani wotendera, thelere, nyama ya msuzi, zonsezi zidzafunabe poto ndi moto. Ndiye ngati pakhomo panu mphika wa masiku onse ndi nsima ya nyemba ndi masamba, ndipo nkhuku imaoneka pa Khirisimasi, air fryer idzangokhala chokongoletsa pamwamba pa furiji.

Yambani ndi magetsi

Ma air fryer ambiri a pakhomo amakoka mawati pakati pa 1,200 ndi 1,800, ndipo a madengu awiri amapitirira pamenepo. Nambalayi imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo. Yuniti imodzi ya pa mita ya ESCOM ndi mawati 1,000 ogwira ntchito ola limodzi. Choncho air fryer ya mawati 1,500 ikayaka mphindi 20 imadya theka la yuniti, mwinanso kucheperapo, chifukwa elementi imadzizimitsa yokha ikafika pa kutentha kumene mwatchera n'kuyakanso kukatsika. Uvuni wa kukala (sitovu ya magetsi) yaikulu umakoka mawati 2,000 kapena kuposa, umafuna mphindi 10 mpaka 15 kuti utenthe chakudya chisanalowe, ndiponso umachedwa kupsetsa. Pa zidutswa zinayi za nkhuku, air fryer ipambana kutali. Koma ngati pakufunika kuwotcha katatu motsatizana kuti banja lonse likwane, phindu lija limasungunuka, ndipo uvuni waukulu wolowetsa zonse kamodzi ungakhale wotchipirapo.

Magetsi akathima, air fryer ndi chidebe chabe. Ena amaganiza kuti sola ya pakhomo iwapulumutsa, koma werengerani: mawati 1,500 pa batire ya mavoti 12 ndi ma ampu oposa 125. Batire wamba ya 100Ah imasunga pafupifupi yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo kuti isafe msanga simuyenera kuimwa kupitirira theka. Tchipisi cha ulendo umodzi chatha nayo. Inveta nayo, chosinthira magetsi a batire kuti akhale ngati a pa soketi, iyenera kukhala ya 2kVA kupita m'mwamba. Sola ya mababu, TV ndi kutchajira mafoni musaiyese n'komwe.

Pali kamsampha kena pa ma air fryer a nobu yopotokola. Wotchi yake imayenda ndi sipuling'i, osati magetsi. Magetsi akathima nkhuku ili pakati, wotchiyo imapitirirabe mpaka belu kulira, inu n'kuyesa kuti yapsa. Ibooleni muone. Ikakhala yaiwisi mkati, imalizeni pa mbaula nthawi yomweyo, musaisiye ili yofunda kwa maola kudikira kuti magetsi abwere.

Yang'ananinso pulagi. Soketi za ku Malawi ndi za mano atatu amakona, zokhala ndi fyuzi ya ma ampu 13 mu pulagi. Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, aakuluakulu. Mavoti ndi ofanana, choncho njira yabwino ndi kudula pulagiyo n'kumangirira ina yoyenera, osati kulumikiza ndi ka adaputa kogwedera, chifukwa pamene pakugwedera m'pamene pamatentha n'kusungunuka. Ya kaunjika yochokera ku America, yolembedwa 110V kapena 120V, isiyeni pomwepo. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo ikangolowa pa soketi yapsa. Ekisitenshoni ya waya woonda nayo ndi mdani: air fryer yokha imakoka ma ampu 6 ndi theka, mukawonjezera ketulo ya mawati 2,000 pa ekisitenshoni yomweyo mwadutsa 15, kuposa zimene inapangidwira. Ipatseni soketi yakeyake ya pakhoma, ndipo muzizula mukamaliza, chifukwa magetsi akamabwerera mwamphamvu atathima ndi pamene timakompyuta ta ma air fryer a mabatani timafa. A nobu alibe zambiri zoti zife, n'chifukwa chake kumalo kumene magetsi amavutavuta ndi amene amakhalitsa.

Nkhani ya mafuta

Apa ndi pamene ogulitsa amakokerapo anthu, ndipo sakunama kwenikweni. Theka la kilogalamu ya mbatatesi limafuna supuni yaikulu imodzi ya mafuta, pafupifupi mamililita 15, pomwe mu poto mumathira lita yathunthu kuti tchipisi chimire. Nkhuku ya khungu ndi soseji sizifuna mafuta konse, zimatulutsa awo omwe. Komabe musawerengere ngati lita ija imatha ulendo umodzi, pakuti mafuta a mu poto timakazingiranso kangapo. Njira yoona ndi iyi: kwa mwezi umodzi lembani malita amene apita ku zokazinga zokha, chulukitsani ndi mtengo wa lita, chotsanipo mtengo wa mayunitsi. Kuphika katatu pa sabata kwa mphindi 20 ndi mayunitsi pafupifupi 6 pa mwezi. Zotsalazo mugawe nazo mtengo wa air fryer, mupeza miyezi imene idzatenge kuti ibweze ndalama yanu. Ikapitirira zaka ziwiri, mukugula chifukwa cha kufulumira ndi ukhondo, osati kupulumutsa ndalama, ndipo palibe cholakwika bola mukudziwa.

Kakomedwe n'kosiyana. Tchipisi cha mu air fryer n'chouma, chopepuka, chofanana ndi cha mu uvuni. Amene anazolowera cha pa chiwaya, chonona chija chothira kabichi ndi tsabola, aona kusintha tsiku loyamba lomwelo.

Kukula kwake

Malita olembedwa pa katoni asakunyengeni. Chofunika ndi kutambalala kwa pansi pa dengu, chifukwa chakudya chimapsa bwino chikayalidwa, osati chikaunjikidwa. Dengu lamakona anayi limalowa zambiri kuposa lozungulira la malita omwewo. Ya malita 2 kapena 3 ndi ya munthu mmodzi kapena awiri. Ya malita 4 mpaka 5 ndi theka imakwanira anthu atatu kapena anayi, ndipo yaikuluyo imalowa nkhuku yathunthu ya kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Banja la anthu 7 kapena 8, kuphatikizapo alendo osayembekezereka aja, lidzadya mosinthana: oyamba akumaliza, omaliza akudikirabe. Ngati chambo ndiye ndiwo yanu, yesani utali wa dengu ndi chikhatho muli m'sitolo momwemo, kuopa kukadula nsomba pakati ulendo uliwonse.

Musanalipire, kokani dengu n'kulibwezera kangapo muone ngati likutsekeka bwino, gwedezani chogwirira, ndipo pemphani kuti aiyatse. Fani izimveka ikuzungulira mosakhula penapake, ndipo pakatha mphindi imodzi mkati muzikhala mwatentha. Funsani za chitsimikizo (waranti) ndipo risiti musunge. Ya kaunjika muitembenuze muone elementi: ikakhala ndi dzimbiri kapena mafuta okakamira akuda, kapena utoto wa dengu ukusupuka, ipitirireni.

Zimene zimapsa bwino, ndi mmene mungachitire

Tchipisi ndi chimene chimakhumudwitsa ambiri poyamba, ndipo vuto limakhala madzi. Dulani kachewere mofanana, kunenepa kwake ngati chala chaching'ono. Viikani m'madzi ozizira mphindi 30 kuti sitachi ya kunja ichoke, tsanulani, kenaka pukutani ndi nsalu yoyera mpaka ziume gwa. Thirani mafuta aja m'beseni n'kusakaniza ndi manja kuti chidutswa chilichonse chipakike. Kuthira mafuta zili kale mu dengu n'kutaya, amangodontha pansi. Tcherani madigiri 180 kwa mphindi 15, mukukhutchumula dengu mphindi 5 zilizonse, kenaka kwezani kufika 200 kwa mphindi zina 5. Mchere uthiridwe pomaliza, chifukwa ukalowa poyamba umakoka madzi ndipo tchipisi chimalobodoka. Dengu lisadzaze kupitirira theka. Chikatuluka chofewa ndi choyera, mwina simunapukute kapena munadzaza, ndiye chaphikidwa ndi nthunzi yake yomwe. Mtundu wofunika ndi wachikasu chagolide. Zakudya za sitachi zikapserera mpaka kuda zimapanga mankhwala otchedwa acrylamide, amene akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti tizichepetsa, ndipo izi n'chimodzimodzi kaya mu air fryer, mu uvuni kapena pa chiwaya.

Nkhuku yachizungu ndiye mfumu ya chipangizochi. Ntchafu ndi miyendo, zopukutidwa ndi kupakidwa mchere, adyo ndi mandimu, zimapsa pa madigiri 190 kwa mphindi 22 mpaka 25, mutatembenuza pakati. Yathunthu imafuna madigiri 180 kwa mphindi 50 mpaka 60. Yambani chidale chili pansi, mutembenuze pakatha theka la ola. Mkati mwa ntchafu muyenera kufika madigiri 75. Popanda choyezera, bayani pafupi ndi fupa: madzi atuluke oyera, opanda kufiira. Nkhuku yachikuda musaiponyemo yaiwisi, idzauma ngati chikopa cha ng'oma. Iwiritseni kaye mu poto mpaka ifewe, kenaka mphindi 10 pa madigiri 200 kuti khungu lifiire, ndipo msuzi wake wakhala kale wa nsima.

Chambo muchicheke mizere itatu mbali iliyonse, mupake mchere, mandimu ndi mafuta pang'ono, dengu nalo mulipake kuti khungu lisamatirire. Madigiri 190, mphindi 14 mpaka 18 malinga ndi kukula, ndipo musafulumire kutembenuza. Khungu likauma limadzimasula lokha. Usipa wouma ndi wina. Ndi wopepuka, ndiye fani imauulutsa n'kukaumata pa elementi, nyumba yonse n'kudzaza utsi. Umenewo ubwerere mu felempani.

Mtedza umakazingika bwino kwambiri, wopanda mbali yopserera: madigiri 160 kwa mphindi 10 mpaka 12, mukukhutchumula mphindi 3 zilizonse. Uchotseni usanafike pomwe mukufuna, umapitiriza kupsa ukamazizira. Chinangwa chiwiritsidwe kaye mpaka mpeni ulowe, kenaka mafuta pang'ono ndi mphindi 12 mpaka 15 pa madigiri 200. Mbatata yathunthu, yoboola ndi foloko, imatenga mphindi 35 mpaka 45 pa 190. Samusa zopakidwa mafuta zimapsa m'mphindi 10 mpaka 12 pa 180. Tchipisi kapena nkhuku ya dzulo imatsitsimuka m'mphindi 4 zokha.

Mandasi ndi zitumbuwa, iwalani. Zimenezi zimafuna kusambira m'mafuta otentha kuti zifufume ndi kupanga khungu nthawi imodzi. Mu air fryer mandasi amatuluka ngati mabanzi, ndipo phala lamadzimadzi limadontha m'mabowo lisanagwirane. Chigumu chimatheka mu kachitini kolowa mu dengu, pa madigiri 160 kwa theka la ola, koma popeza moto uli pamwamba pokha, kumwamba kumafiira mkati musanapse. Bayani ndi kamtengo muone. Wochita bizinesi ya mandasi kapena tchipisi asataye chiwaya chake, dengu limodzi silingathamange ndi mzere wa makasitomala.

Zimene zimaiwononga

Dengu limakutidwa ndi utoto woletsa chakudya kumatirira, ndipo ndi umene umayamba kutha. Waya wotsukira mapoto, mchenga ndi phulusa, zimene zimawalitsa sefuliya, zimausupula tsiku limodzi. Aliyense wotsuka mbale pakhomopo auzidwe zimenezi air fryer isanayambe ntchito. Dikirani dengu lizizire, liviikeni m'madzi ofunda a sopo mphindi 10, tsukani ndi siponji yofewa. Potembenuza chakudya gwiritsani ntchito chipande cha mtengo kapena chopanira cha pulasitiki yosasungunuka, osati foloko. Thupi la makinawo lisalowe m'madzi. Kamodzi pa mwezi, itazulidwa ndi kuzizira, itembenuzeni mupukute elementi ndi kansalu konyowa pang'ono.

Utsi woyera pophika soseji kapena nkhumba ndi mafuta amene adontha m'mbale ya pansi n'kuyamba kupsa. Thirani masupuni awiri kapena atatu a madzi m'mbalemo musanayambe, ndipo muzitaya mafuta akale ulendo uliwonse. Utsi wakuda kapena fungo la waya wopsa ndi nkhani ina: zulani pulagi msanga, ndipo isayakenso mpaka wodziwa zamagetsi ataiona. Fungo la pulasitiki pa air fryer yatsopano limachepa mukaiyatsa yopanda kanthu mphindi 10 mpaka 15 pa madigiri 200, mawindo ali otsegula.

Pepala lophikira kapena foyilo zisalowe zokha potenthetsa, chifukwa mphepo imazinyamula n'kukazigunditsa pa elementi, ndipo pepala limayaka. Zikhale zopsinjidwa ndi chakudya, komanso zisatseke mabowo onse. Kumbuyo kuli potulukira mpweya wotentha, choncho siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposa pakati pa makinawo ndi khoma, kutali ndi katani ndi majumbo. Musaiike pamwamba pa kukala, ngakhale yozima, poti tsiku lina wina adzapotokola nobu yolakwika ndipo pansi pake ndi pa pulasitiki.