Kampani ya AC ya mini split yodalirika mungaidziwe bwanji musanagule

Anthu ambiri akamafuna kugula ma AC (makina oziziritsa m'nyumba) a mini split aja, amene mbali ina imakhala pakhoma mkati mwa nyumba ina ili panja zikulumikizana ndi timapaipi tiwiri ta kopa ndi waya basi, funso lawo limakhala limodzi, kodi kampani yabwino ndi iti. Funsolo ndi labwino koma ine ndimaona kuti likusowa mbali ina. Makina akakhala atsopano onse amaziziritsa bwinobwino, nyengo yozizira ambiri amatenthetsanso, olo akhale a kampani yomwe simunaimvepo. Kusiyana kumadzaoneka patapita zaka zinayi kapena zisanu, tsiku lomwe kagetsi ka pamakinapo kayamba kuphethira, limoti mukuidina koma mphepo osatuluka. Nde musanatulutse ndalama dzifunseni kuti tsiku limenelo adzandithandize ndani, nanga sipeya idzapezeka?

Choyamba dziwani amene anapangadi makinawo, chifukwa dzina lomwe lalembedwa kutsogolo si nthawi zonse limakhala la fakitale. Makampani awiri akuluakulu a ku China, Midea ya ku Foshan ndi Gree ya ku Zhuhai, amapanga ma AC ambirimbiri omwe amakagulitsidwa ndi mayina a makampani ena. Zimenezi si zoipa ayi, mafakitale amenewa ntchito amaidziwa, kungoti mukuyenera kudziwa ngati dzina lomwe mukugulalo lili ndi anthu ake okonza komanso kosungira masipeya, kapena ndi munthu chabe amene anaitanitsa makontena awiri nkumatapo chizindikiro chake ndipo mawa akhoza kuyamba kugulitsa zina. Yang'anani kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala m'mbali mwa makina a panja, pamenepo pamakhala nambala ya modelo, mtundu wa gasi woziziritsira, ndi dziko lomwe anapangira. Ngati wogulitsa sakufuna kuti mukaone pamenepo, ndiye kuti pali vuto kale. Samalaninso ndi mayina ofanana, mwachitsanzo Mitsubishi Electric ndi Mitsubishi Heavy Industries ndi makampani awiri osiyana ngakhale onse ali a ku Japan ndipo onse amapanga ma AC, sipeya ya uyu siingalowe mwa uyo. Makampaniwa amagulananso, Daikin inagula Goodman mu 2012, Carrier inatenga bizinesi ya ma AC ya Toshiba mu 2022, nde zomwe wina akukuuzani za kampani inayake kutengera makina omwe anagula zaka khumi ndi zisanu zapitazo mwina lero sizili choncho.

Tsopano nkhani ya masipeya, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Ma mini split ambiri a masiku ano ndi a invata, luso lomwe Toshiba inayamba kuika m'ma AC a m'nyumba mu 1981. Kompuresa (kainjini kopopa gasi) ya invata siimangoyaka ndi kuzima ngati yakale, imachepetsa kapena kuonjezera liwiro malinga ndi mmene chipinda chatenthera, nchifukwa chake imadya magetsi ochepa komanso siisokosa. Koma kuti izi zitheke pamafunika bolodi ya magetsi yoyendetsa zonsezo, ndipo bolodi imeneyi ndi imodzi mwa zinthu zomwe zimakonda kufa, magetsi akangobwera mwamphamvu kapena mphezi ikaomba pafupi, chinyezi chikalowa, ngakhale nyerere ndi abuluzi akalowa m'makina a panja kukafuna kofunda. Vuto lake bolodi ya modelo iyi nthawi zambiri siigwira pa modelo ina olo kampani ikhale yomweyo. Makina abwinobwino, kompuresa yamoyo, angathe kukhala miyezi osagwira ntchito chifukwa cha kabolodi kamodzi komwe kakusowa.

Njira yoyesera kampani ndi yosavuta ndipo ndimadabwa kuti anthu sachita. Musanagule, imbani foni ku ofesi yawo yokonza makina, osati kwa wogulitsa, muwafunse za bolodi ya panja kapena mota ya fani ya modelo yomwe inatuluka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mumve ngati ayankha foni nkomwe, ngati akudziwa chomwe mukunena, ngati ali nayo m'sitolo kapena imachita kuitanitsidwa ndipo imatenga masiku angati. Mmene akuyankhireni lero musanawapatse kalikonse ndi mmenenso adzakuyankhireni makina anu akadzafa, mwinanso moipirapo. Onaninso pa intaneti ngati buku la amisiri la modeloyo likupezeka, lija lofotokoza tanthauzo la manambala a vuto omwe amaoneka pamakina. Kampani yobisa buku limeneli imakumangirirani kwa mmisiri mmodzi.

Waranti muiwerenge yonse, osangoona nambala yaikulu ya pabokosi. Nthawi zambiri zaka zambirizo zimakhala za kompuresa yokha, pomwe bolodi, mota ndi masensa zili ndi zaka zochepa, ndipo ndi zimenezi zomwe zimayamba kuvuta. Funsani ngati ikuphatikiza ntchito ya mmisiri ndi gasi kapena ndi sipeya yokha. Makampani ena amafuna mulembetse makinawo pasanathe masiku 60 kapena 90, mukapanda kutero zaka zimachepa, ena amakana waranti yonse ngati anaika makinawo si mmisiri wovomerezeka. Komanso funsani kuti mwini warantiyo ndani, kampani kapena shopu, chifukwa shopu ikatseka pepala lake silingakuthandizeni.

Manambala a SEER ndi COP, osonyeza mmene makina amasamalira magetsi, omwe amalemba pamapepala otsatsira musangowakhulupirira, pali mabungwe oima paokha omwe amatsimikizira manambalawa, AHRI ku America ndi Eurovent ku Ulaya, ndipo mutha kufufuza modelo yanu pa masamba awo. Ngati kwanu kumazizira kwambiri ndipo mukudalira makinawa potenthetsa nyumba, funsani mphamvu yomwe amatulutsa kunja kukafika madigiri -15 a Celsius, chifukwa ena pamenepo amakhala atafooka kwambiri. Za gasi, ambiri atsopano ali ndi R32 yomwe ikulowa m'malo mwa R410A, potsatira mgwirizano wa ku Kigali wa 2016 wochepetsa magasi otenthetsa dziko. Kugula makina a gasi yemwe akuchotsedwa pamsika ndi kudziikira vuto la mtsogolo.

Koma apa pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu akamaweruza makampani. Zambiri zomwe timati kampani yakuti ndi yachabe, kwenikweni wolakwa amakhala amene anaika makinawo. Ine zinandichitikira, ndinagula makina a kampani yodziwika bwino ndithu, patangopita miyezi isanu ndi itatu anasiya kuziziritsa, paipi yaing'ono ya panja ikuchita chisanu, ndinakwiya kwambiri ndi kampaniyo mpaka ndinkauza anzanga kuti asagule. Atabwera mmisiri wina anandionetsa mafuta atadetsa pa nati yolumikizira paipi, gasi ankatulukira pamenepo pang'onopang'ono kuyambira tsiku loyamba chifukwa kukamwa kwa paipi anakukuza mokhota ndipo natiyo anangoimanga mongoganizira. Makinawo analibe vuto lililonse. Anadula, nkukonzanso, nkuthira gasi wina moyeza pa sikelo, mpaka lero akugwira ntchito.

Nde amene akudzaika makina mumufunse mafunso ngati mmene mwafunsira kampani. Kodi manati amamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu? Kodi akamaliza kulumikiza amayesa mapaipi ndi nayitrojeni kuti aone ngati sakudontha? Kodi ali ndi pampu ya vakiyumu ndi geji yake, ndipo amakoka mpweya mpaka geji yoyeza mpweya wotsala ifike ma micron 500 kapena kutsikirapo? Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa limadya nthawi, amangotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya basi, koma chinyezi chotsalira m'mapaipi chimasakanikirana ndi mafuta a kompuresa nkumaidya mkati mwakachetechete, ikadzafa patapita zaka zitatu aliyense amaloza kampani. Muonenso kuti paipi yotulutsa madzi yatsetsereka bwino, apo ayi madzi adzayenderera pakhoma. Mmisiri wabwino amayezanso chipinda asanakuuzeni saizi, 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsa) ndi pafupifupi 3.5 kW, ndipo makina aakulu kwambiri m'kachipinda kakang'ono amangoyaka nkuzima, chinyezi osachoka, ziwalo zake nkumatopa msanga.

Mukamawerenga ndemanga za anthu pa intaneti, zija zolembedwa sabata yoyamba muzidumphe, sizikuuzani kanthu. Fufuzani za anthu omwe akhala ndi makinawo zaka zitatu kupita mtsogolo, ndipo muzisiyanitsa. Wina akati gasi anatha, kapena madzi akudontha, zimenezo kawirikawiri ndi za woika. Koma anthu ambiri osadziwana akamadandaula za bolodi yomweyomweyo pa modelo yomweyo, kapena akamati anadikira sipeya miyezi itatu, imeneyo ndiye nkhani ya kampani. Ndipo munthu woyenera kumufunsa kwambiri ndi wokonza ma AC amene sakugulitsani kanthu, mumufunse kuti ndi ati amene amamuitanitsa pafupipafupi, ndi ati amene masipeya ake samuvuta kupeza, komanso kunyumba kwake anaika ati.

Mukasankha nkugula, tsiku lomwelo jambulani kachitsulo ka manambala ka makina onse awiri, a mkati ndi a panja, lembetsani waranti musanaiwale, sungani lisiti limodzi ndi pepala la woika lolembapo tsiku ndi zomwe anayeza. Ikani chotetezera magetsi obwera mwamphamvu kuti bolodi ija ikhalitse, ndipo masefa a mkati muziwatsuka pakatha masabata awiri kapena anayi, chifukwa makampani ena mukadzadandaula amayamba afunsa ngati makinawo ankasamalidwa asanavomere kukupatsani sipeya.