Kuthandiza maungu kubereka ndi kusunga nthanga zake

M'madimba a ku Tsangano, Lizulu ndi Bembeke si zachilendo kuona maungu atayanga bwino ndi kuchita maluwa ochuluka, koma timaungu tikusanduka tachikasu ndi kuyoyoka tisanakule. Kawirikawiri chochititsa chake n'chakuti mungu sunafike pa duwa loyenera, ndipo mlimi angathe kukonza vutoli ndi manja ake.

Yambani ndi kuzindikira maluwa, pakuti chomera chimodzi cha dzungu chimatulutsa maluwa a mitundu iwiri. Duwa lalimuna lili ndi kaphesi kakatali ndi kowonda, ndipo m'kati mwake muli kamtengo kamodzi kokutidwa ndi ufa wachikasu, womwe ndiwo mungu. Duwa lalikazi lili ndi kaphesi kakafupi, ndipo kunsi kwake kuli kadzungu kobiriwira momwe muli timazira timene timadzasanduka nthanga. M'kati mwa duwali muli kamutu komata, kogawika patatu, kamene kamalandira mungu. Maluwa aamuna ndi amene amayamba kutuluka, kotero mlimi asade nkhawa akaona kuti maluwa oyambirira akuyoyoka osabereka. Amayi othyola chiluwe cha ndiwo azithyola aamunawo, n'kusiyako ena.

Mungu wa chimanga ndi wopepuka, moti mphepo imautenga pa ngayaye n'kuugwetsera pa ndevu, koma wa dzungu ndi wolemera ndiponso womata, ndipo umadalira njuchi. Njuchi siziuluka kwambiri m'mawa kukakhala mitambo, mvula kapena kuzizira, monga zimachitikira kumapiri kuno, komanso zimafa ndi mankhwala opopera tomato ndi kachewere. N'chifukwa chake kupopera kuyenera kuchitika madzulo, njuchi zitabwerera kumng'oma.

Duwa la dzungu limatseguka m'mamawa, ndipo pofika masana limakhala litafota, osadzatsegukanso. Lawirirani kudimba dzuwa lisanatenthe, thyolani duwa lalimuna limene latseguka tsiku lomwelo, ndipo chotsani mbali yonse yachikasu yakunja kuti patsale kamtengo ka mungu kokha. Kakhudzitseni mofatsa pa mbali zonse zitatu za kamutu ka duwa lalikazi. Musaumire mungu, chifukwa kadzira kalikonse kamafuna kambewu kakekake ka mungu, ndipo mungu ukachepa dzungu limakula lopindika, la nthanga zochepa. Pakapita masiku owerengeka, kadzungu kolandira mungu wokwanira kamayamba kufufuma.

Wofuna kusunga mtundu wa dzungu limene amalikonda achite mosamala koposa apa, pakuti njuchi zimasakaniza mungu wa m'minda yoyandikana. Madzulo, sankhani duwa lalimuna ndi lalikazi amene ayamba kuoneka chikasu kunsonga, ndipo amangeni kukamwa ndi kaluzi. M'mawa amasuleni, pakani mungu, manganinso duwa lalikazi, ndipo ikani kansalu pa phesi kuti dzungulo lisadzapite mumphika kapena kumsika. Nkhaka, mavwende ndi mphonda zili m'banja limodzi ndi maungu, lotchedwa Cucurbitaceae, koma sizisakanikirana nawo, kotero kuzibzala pafupi sikuwononga mbewu.

Dzungu la mbewu lisiyeni likhwime mpaka phesi litauma ndipo khungu lake silikulowa chikhadabo. Mukalithyola, lisungeni pamthunzi kwa masabata atatu kapena kuposerapo musanaling'ambe, popeza nthanga zimapitiriza kukhwima m'katimo. Tsukani nthangazo, tayani zophwatalala zopanda kanthu, ndipo yanikani zonenepa pa lichero pamthunzi podutsa mphepo. Mukasenda nthanga imodzi mudzaona kuti imagawika pawiri monga nyemba kapena mtedza, mosiyana ndi njere ya chimanga. Zigawo ziwirizo ndizo chakudya cha kamera kamene kali kunsonga yosongoka, ndipo ndizo zimatuluka ngati masamba awiri oyamba. Kamerako n'kamoyo, ndipo chinyezi ndi kutentha zimakapha msanga. Nthanga youma bwino imathyoka poipinda. Zikafika pamenepo zisakanizeni ndi phulusa louma, zitsekereni m'botolo, ndipo liikeni pamalo ozizira, patali ndi moto wa kukhitchini ndi makoswe.